Mlandu wa Kuonda kwa Fadhila

Fadhila anafika ku Bulawayo m'chaka cha 1996 ali mkwatibwi wowonda ngati bango. Atatsika sitima, apongozi ake aakazi, Abiti Ndala, sanayambe n'komwe ndi moni. Anamugwira pamkono n'kuzunguliza zala ziwiri, zala zija n'kukumana popanda kuvutika. Kenako anatembenukira mwana wawo Sidik, amene anali kumbuyo atasenza sutikesi.

"Iwe, ulendo wonse uja wa ku Machinga, wakatitengera zimenezi? Kunalibe anthu kumeneko?"

Sidik anangoseka, maso ali pansi. Ndi mmene analili munthuyo: wamtali, wofatsa, mawu ake ochita kupempha kuti atuluke. Anabadwira ku Luveve, lokeshoni ya mu Bulawayo momwemo, bambo ake atabwera kalekale kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo Chichewa chake chinali cha zigamba, apa Chindebele, apo Chingerezi. Ntchito yake inali yozinga ng'ombe kumalo ophera nyama, kutchula dzina la Mulungu mpeni usanadutse, kuti Asilamu azidya nyamayo mosakayika. Mkazi anachita kukamufunira kumudzi chifukwa mayi ake ankati atsikana a m'tauni sadziwa kugwada.

Koma musawaseke Abiti Ndala, abale. Zaka zimenezo kuonda sikunali nkhani ya masewera. Loweruka lililonse kumanda a ku Luveve kunkakhala mzere wa mabasi, ndipo ambiri mwa oikidwawo ankapita atatha thupi lonse ndi matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina. Ukangotsika thupi pang'ono, mu minibasi, imene kumeneko amati kombi, ankakusiyira malo a anthu awiri. Kapu imene wamwera ankakaitsuka ndi phulusa. Tsono mkazi wa munthu wozinga ng'ombe, amene madzulo alionse amabwera ndi phukusi la nyama m'khwapa, aziyenda m'misewu ya Luveve mafupa ali pamtunda? Anthu akanati chiyani za nyumba imeneyo?

Abiti Ndala anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba ntchito. M'mawa phala la majarini wochita kuyandama pamwamba. Dzuwa likakwera, tiyi wa mkaka wa m'chitini, shuga wothira mosayang'ana, ndi buledi wopaka mbali zonse. Masana matumbo, madzulo mang'ina a ng'ombe, ndipo pakati pa zonsezi mkaka wowawasa uja amati amasi. Gogoyo ankakhala pampando patsogolo pa mpongozi wakeyo, diso lili pambale.

"Idya, makoti, mkazi wa mwana wanga. Kuno mkazi amadziwika akatembenuka kuti azipita."

Fadhila ankadya misozi ikulengeza, koma thupi linakana kwa miyezi ingapo. Pamenepo Abiti Ndala anakwera kombi kupita kudepoti ya Egodini, kumene mayi wina ankagulitsa tomato pamwamba pa tebulo ndi timapiritsi pansi pake. Timapiritsi timeneto, ukamwa, njala inkakugwira ngati sunadye chibadwire, ukadya n'kugona tulo tofa nato. Thupi linamvera. Masaya anabwera, mikono inadzaza, khosi linayamba kupinda, ndipo zibangili zimene anabwera nazo kuchokera kwawo anachita kuzidula ndi pulayasi.

Tisanamizane, Fadhila anakondwa nazo. Tsiku loyamba limene kondakitala wa kombi anamufuulira kuti "Sidudla!" anabwera kunyumba kudzafunsa mwamuna wake ngati watukwanidwa. Sidik anaseka mpaka kugwira khoma, n'kumuuza kuti mawuwo ndi otama mkazi wa thupi, wosungidwa bwino. Kuyambira pamenepo Fadhila anayamba kuyenda mosafulumira. Atabereka mwana wake Shakira, anatsegula tebulo la samusa ndi mandasi ku Egodini komweko, ndipo makasitomala ankachita kupanikizana. Pambali pake panali mayi wina wowonda amene samusa wake anali wokoma kuposa wa Fadhila, ndipo Fadhila ankadziwa zimenezo chifukwa ankamugula mobisa. Koma anthu ankayang'ana mikono ya wokazingayo asanayang'ane samusa. Mayi uja anatseka chaka chisanathe.

Idi iliyonse ikadutsa, Fadhila ankavala nsalu yatsopano n'kupita kwa wojambula m'tauni. Ankakhala pampando chammbali kuti mbina ioneke bwino, chithunzicho n'kuchipatsira madalaivala a mabasi opita ku Malawi. Kumeneko chinali ndi ntchito yake. M'chaka cha 1999 mng'ono wake Asiyatu anabwezedwa kuchokera kubanja ku Limbe atakulungidwa m'bulangete, wopepuka moti mwamuna mmodzi anamutsitsa m'galimoto yekha. Mayi awo anamudwazika, kumusambitsa, mpaka kumutseka maso. Chichitikireni zimenezo, nkhalambayo inkapeza tulo pokhapokha ikayang'ana zithunzi za Fadhila zimene inakhoma pakhoma. Mlendo aliyense ankasonyezedwa. "Uyu yekha," inkatero, "ndiye anakwatiwa ndi munthu."

Ngakhale chaka chija cha 2008, masitolo a Bulawayo atatsala mashelefu okhaokha, anthu akukhwefula malamba kuboola mabowo atsopano, Fadhila sanatsike. Sidik ankabwera ndi mapapo, nthawi zina mafuta okhaokha a kumimba kwa ng'ombe, n'kunama kuti iye wadya kale kuntchito. Ankaonda ndi iyeyo, koma mwamuna wowonda wa mkazi wonenepa anthu amamulemekeza. Kumzikiti ankamupatsa malo kutsogolo. Abiti Ndala anamwalira chaka chotsatira ali okhutira kuti ntchito yawo inagwira.

Dziko nalo silikhala malo amodzi. Shakira atakula anayamba ntchito yoluka tsitsi pa saluni ina ku Mpopoma, ndipo madzulo ankabwera ndi zodabwitsa. Lero lamba wa mphira womanga pamimba mpaka munthu kupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa. Mawa tiyi wowawa wotsegula m'mimba, woti mafuta azisungunuka. Atsikana a masiku ano, ati, akufuna chiuno chaching'ono koma mbina yaikulu, ndiye m'chikwama chomwecho muli tiyi wochepetsa kutsogolo ndi mafuta opaka okulitsa kumbuyo. Asa! Fadhila ankaseka mpaka kutsokomola.

"Inu ana inu, thupi mukuliyesa diresi loti telala abweze apa, awonjezere apo? Ife tinkalipira kuti tinenepe, inu mukulipira kuti muonde. Wogulitsayo ndiye wanzeru, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi mayi yemwe uja wa tomato."

"Amayi, muzichepetsako," Shakira ankatero. "Taonani mmene mukupumira."

"Choka apa! Thupi ili ndi ulemu wa bambo ako."

Koma ulemuwo unali utayamba kulemera. Mawondo anakana kugwada, moti swala ankapemphera atakhala pampando ngati nkhalamba. Kenako kunabwera ludzu losatha, kumwa madzi jagi yonse pakhosi pali pouma. Kenako kachilonda pachala chaching'ono cha phazi lamanzere, kamene kanayamba ndi nsapato yothina pa ukwati wa mnansi. Anapaka mafuta, anathira mchere, anamanga kansanza. Chilondacho sichinkapweteka, ndiye anachinyozera. Tsiku limene Shakira anamva fungo n'kumasula kansanzako, chala chinali chitada bii.

Kuchipatala anachidula. M'mawa mwake namwino wina wachindebele, dzina lake Nokuthula, mayi wosadziwa kuzungulira nkhani, anaima pafupi ndi bedi manja ali m'matumba.

"Mama, ndikuuzeni zoona. Ndi shuga. Lero tadula chala. Mukapitiriza kudya mmene mumadyeramu, mudzabweranso tidzadule phazi, kenako pabondo. Mapiritsi tikupatsani, koma mapiritsi okha sangalimbane ndi mbale yanu. Thupi ili litsike."

Fadhila anatembenuza mutu. Anali akuyang'ana bedi loyandikana nalo, pamene panali mayi wa msinkhu wake, wokongola, wa thupi labwino ngati lake, amene mwendo wake unathera pabondo. Ana ake awiri ankalimbana kumunyamula kuti amukhazike pa beseni, mayiyo atatseka maso ndi manyazi. Mantha anamugwira Fadhila mpaka m'mafupa, ndipo pambuyo pa manthawo panabwera ukali. Anadziuza mumtima kuti ine ayi. Phazi ili ndinabwera nalo kuchokera ku Machinga, ndipo ndidzalowa nalo m'manda.

Amene amamudziwa Fadhila amadziwa kuti akati ayi, watha. Khama lomwe lija ankadyera pamaso pa apongozi ake analitembenuza. Anatenga kambale kamene ankadyera Shakira ali mwana n'kunena kuti mbale yanga ndi iyi. Masamba ambiri, nyemba, kanyama kopanda mafuta, tiyi wopanda kanthu. Mandasi ankakazingabe, chifukwa ndiyo ntchito yake, tsopano pa kawindo ka pakhomo pake ku Luveve, koma kulawa anasiya. Mukudziwa inu kuwawa kwake, kukhala m'fungo la mandasi otentha kuyambira m'mawa, mimba ikulira, dzanja likupita lokha kubeseni iwe n'kulibweza? Masiku ena ankalira ali pa mbaula pomwepo, n'kumanamizira utsi. Bala litapola anagula nsapato za tenesi, ndipo akatha swala ya m'mawa ankazungulira misewu ya Luveve, poyamba mpaka pa kona pokha, kenako mpaka kusukulu, kenako kupitirira.

Thupi linayamba kutsika. Madiresi anayamba kulendewera. Tsiku lina anapezeka kuti wagwada pamkeka wa swala, chipumi chafika pansi, ndipo anakhalitsa pomwepo kuposa mmene pemphero limafunira. Nokuthula akayeza magazi ankagwedeza mutu movomereza. Shakira ankawomba m'manja.

Luveve ndiye sanawombe m'manja. Amayi a msinkhu wake ankamuimitsa pamsewu, kumugwira dzanja, mawu atatsitsa. "Uyagula yini, NakaShakira? Ukudwala, make Shakira? Masiku ano mankhwala alipo, usabise." Akawauza kuti ndi shuga, ankavomera ndi pakamwa pokha. Ena anasiya kugula mandasi. Fadhila zonsezi ankazipondereza ndi tenesi yake n'kumapita.

Amene zinamulasa ndi Sidik. Lachisanu lina potuluka mumzikiti, mkulu wina anamufunsa anthu akumva kuti, "A Sidik, nyama yonse ija mukupititsa kuti masiku ano? Kapena mwatsegula nyumba ina ku Mpopoma?" Anthu anaseka. Ena sanaseke, anangoyang'anana, ndipo amenewo ndiwo anamupweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa chimene akuganiza. Munthu woti chikwatirireni sanayang'anepo mkazi wina! Anayamba kubwera ndi nyama yonona kwambiri n'kuisiya patebulo osanena kanthu. Fadhila ankasenga mafutawo n'kupatsa galu wa aneba. Kenako m'mawa wina Fadhila atamwa tiyi amene mwamuna wake anamupangira, anamva kutsekemera pa lilime. Analavulira m'kapu momwemo.

"Bambo a Shakira, mwathira chiyani umu?"

"Kancane nje, pang'ono chabe," Sidik anatero, akukanda kumutu. "NakaShakira, anthu akulankhula. Ine ndikuchita manyazi."

"Manyazi! Manyazi anuwo anawadulapo chala? Mwezi wa Ramadhani tonse timasala, palibe amene amafunsa mnzake. Ine ndasala chifukwa cha phazi langa, mwayamba misonkhano. Mukufuna muzindikankha pa wilibala kuti kumzikiti akupatseninso malo kutsogolo?"

Sidik anatuluka osamwa tiyi wake. Sanathirenso shuga, koma nyumba inazizira. Ankadya atayang'ana kukhoma, ndipo Fadhila zinkamuwawa, chifukwa mwamunayo ankamukonda, ndipo ankadziwa kuti nayenso akuvutika.

Moto weniweni anauyatsa ndi Shakira, mosadziwa. Pa Idi anawajambula mayi ake pa foni atavala diresi yatsopano yobweza m'chiuno, n'kutumiza kumudzi monyadira kuti onani mmene amayi atsitsimukira. Kalanga ine! Kumudzi mdzukulu wina anapita nayo foni kwa gogo, mayi ake a Fadhila. Nkhalamba ija, maso ake ofooka kale, inayandikitsa foni kumaso, n'kuona mafupa a m'khosi mwa mwana wake. Inagwa pansi n'kuyamba kulira maliro, kutchula dzina la Asiyatu. Fadhila anaimba foni, anafotokoza za shuga, analumbira. Za chala sananene, poopa kuwonjezera. Mayi ake anangoti, "Nayenso ankati ndi malungo."

Pasanathe mwezi kunafika Rajab, mchimwene wake wamkulu wa Fadhila, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wake. Rajab ndi wamalonda wa mpunga ndi usipa, mwamuna wa mimba yake yabwino imene amaisisita akamalankhula. Anatsika basi ndi kathumba ka mpunga wa kilombero, ndipo moni wake kwa mlamu wake unali wouma. Anati sanabwere kudzacheza. Aitanidwe ankhoswe a kuchimuna, pali mlandu.

Anakhala pabalaza Lamlungu masana. Kuchimuna kunabwera a Zaid, amalume ake a Sidik, nkhalamba ya ku migodi yomva ndi khutu limodzi. Rajab analamula kuti mpunga umene watumizidwa ndi amayi uphikidwe ndi mafuta ndi nyama monga amaphikira pa sadaka, ndipo Shakira anauphika. Mbale yaikulu itaikidwa patebulo, Rajab anayamba.

"Ife tinapereka munthu kuno. Munamusunga bwino, sitikana, zithunzi zilipo. Lero taonani. Mkazi wapabanja amaonda ndi njala, kapena mkazi mnzake, kapena matenda obwera ndi mwamuna. Alamu, mutiuze, mwa zimenezi ndi chiti?"

Sidik anatsegula pakamwa. Chichewa chonse chinamuthawa. "Alamu, mina... ine... ndi dokotala. Ishuga..." Anayang'ana amalume ake, amalume akewo n'kutchera khutu lolakwika.

Fadhila sanadikire kupatsidwa mpata. Mkazi salankhula ankhoswe asanamulole, koma iye anawerama, anamasula tenesi ya kumanzere, anavula sokosi, n'kuika phazi lake pa kapeti pakati pa amuna atatuwo.

"Achimwene, werengani zala."

Rajab anayang'ana. Nkhope inasintha pang'ono, koma anali atatumidwa, ndipo munthu wotumidwa ndi mayi ake sabwerera ndi chala chimodzi.

"Pepa, mlongo wanga. Koma chala n'chiyani? Kwathu anthu khasu limawadula ziwiri, akulima mpaka lero. Shuga ndi matenda a anthu odya bwino. Ndili ndi anzanga ku Liwonde ali naye, amamwa mapiritsi, mimba zawo zili pomwepo. Iwe wokha ndiye shuga wako wakudya thupi?" Anakankhira mbale ija patsogolo pake. "Mawu a amayi ndi awa: akadye iwe ukuona, ndipo pofika Idi ya nyama tione chithunzi masaya atabwerera. Akakana kudya, ndiye kuti m'nyumbamo muli chinthu, ubwere naye. Wamva. Mako ndi mako."

Fungo la kilombero linadzaza chipinda chonse. Unali mpunga wa kwawo, wa m'dambo limene iye anapirikitsamo mbalame ali mtsikana, wopetedwa ndi manja a mayi ake. Malovu anadzaza m'kamwa. Sidik anasendera pafupi n'kunong'ona, "Idyani, NakaShakira. Lero lokha. Ngiyacela, ndapota nanu."

Mbale imodzi siidula phazi, Fadhila ankadziwa zimenezo. Koma sanali kumupempha mbale imodzi. Ankamupempha masaya pofika Idi ya nyama, ndi Idi inayo, mpaka tsiku limene Nokuthula adzaimenso pafupi ndi bedi. Anayang'ana mwamuna wake, mtima unamupweteka koopsa, chifukwa anaona kuti munthu amene anakhala naye zaka zonsezi akumupempha kuti abwerere kumpeni. Anaimirira, phazi limodzi lili mu tenesi, linalo lili pansi, n'kulowa kuchipinda. Amuna aja anamva zitseko za wadiropu. Fadhila anatuluka ndi chikwama, mapiritsi ake ali m'dzanja, kambale kake kali m'khwapa.

"Tiyeni, achimwene. Sindidya. Ngati kuonda kwanga kukuchititsa manyazi nyumba ino, ndikaondera kwa amayi. Kumenekonso sindikadya, mukawauziretu. Ndikafika ndi mapazi awiri, ndipo ndikakhala nawo."

Mawu anatuluka owuma, koma misozi inali ikutsika, ndipo sanaipukute. Shakira analira kukhitchini. A Zaid anafunsa kuti wati chiyani.

Sidik anayang'ana chikwama chija nthawi yaitali. Kenako anatambasula manja ake aakulu aja ozolowera kugwira nyanga za ng'ombe, ananyamula mbale ya mpunga, n'kuichotsa patsogolo pa malo a mkazi wake.

"Alamu," anatero, "mlandu ndi wanga. Yimi. Ndine ndimam'mana chakudya."

Fadhila anatembenuka. "Bambo a Shakira, bodza limenelo..."

"Thula, NakaShakira. Khalani chete, ndikulankhula ndi ankhoswe." Chikwatirane anali asanamulankhulepo motero.

Rajab anasiya kusisita mimba. "Mukuvomera pamaso pa amalume anu kuti mlongo wanga mumam'mana?"

"Yebo. Ndikuvomera. Palibe mkazi wina, palibe matenda. Ndine woumira basi."

Apa a Zaid anamva bwinobwino, ndipo anatsitsimuka, chifukwa milandu ya mabanja anaiweruzapo yambiri. Anati mlandu wovomera suchedwa. Mwamuna akagwa pansi pamaso pa ankhoswe n'kulipa, mkazi satengedwa, ndiwo mwambo kuyambira makolo. Anagamula mbuzi. Rajab sakanakana, mwambowo ankaudziwa, ndipo kunena zoona nayenso sankafuna kukwera basi ndi mlongo wake akulira njira yonse ya ku Tete.

"Chabwino, mbuzi talandira," anatero. "Koma musinthe, alamu. Muzimudyetsa."

"Hayi," Sidik anatero. "Sindisintha. Chaka cha mawa mubwerenso, mudzatenge mbuzi ina. Chaka chinacho inanso. Kumzikiti ndikanena ndekha Lachisanu kuti asavutike kunong'ona. Koma uyu azikhala pano pakhomo panga, wowonda choncho, akuyenda yekha."

Rajab anayang'ana mlamu wake, anayang'ana phazi la mlongo wake. Anatulutsa foni. Uthenga unayenera kufika kwa amene anamutuma. Anaimba, mdzukulu anapereka foni kwa gogo, ndipo Rajab ananena mwachidule kuti matenda aja palibe, mkazi wina palibe, mlamu wavomera kuti ndi kuumira, walipa mbuzi. Kenako nkhalamba inati amupatse foni mkamwiniyo.

Rajab anakweza mawu a foni n'kuiika patebulo. Abale, nkhalamba ija inatukwana. Inamutcha Sidik mfiti, galu wa m'tauni wosadziwa kwawo, munthu wosambira m'magazi a ng'ombe mkazi wake akugona ndi njala. Inati inkamuyesa munthu, zithunzi zija zonse ichotsa pakhoma. Fadhila anaponya chikwama pansi n'kutambasula dzanja kuti alande foniyo, koma Sidik anamugwira pamkono n'kupukusa mutu. Ndipo Fadhila atamvetsera bwino anamva chimene mwamuna wake anamva: mawu a mayi ake anali amphamvu, a munthu wolusa, osati a munthu wolira maliro. Mkamwini woumira ndi woti n'kumutukwana, kenako munthu n'kugona tulo.

Fadhila anakhala pampando. Matukwano anali akupitirira. Sidik anatola sokosi ija pa kapeti, anagwada pamaso pa mlamu wake ndi amalume ake, n'kunyamula phazi la zala zinayi lija kuliika pabondo pake. Analipukuta fumbi ndi chikhatho, anayang'ana kunsi kwake ngati laponda kanthu, n'kuyamba kuliveka pang'onopang'ono.

"Ukundimva, iwe mwana wa Abiti Ndala?" foni inakuwa.

"Inde, amayi," Sidik anatero, akumanga zingwe za tenesi. "Ndikumva, amayi. Pitirizani."